Darwin m'Kalasi: Mlandu wa ku America Womwe Ukukana Kutha

Buku la Charles Darwin lotchedwa On the Origin of Species linatuluka ku London mu 1859, koma panapita zaka zoposa 60 lisanakhale nkhani yokokerana kukhoti m'sukulu za ku America. Sikuti anthu opemphera sanalimve ayi. Analimva, abusa ena nalidzudzula paguwa, koma atsogoleri ambiri a mipingo anapeza njira yokhalira nalo. Ena ankati masiku asanu ndi limodzi a m'buku la Genesis ndi nyengo zitalizitali. Ena ankati pakati pa vesi loyamba ndi lachiwiri panadutsa zaka zosawerengeka. Ngakhale timabuku totchedwa The Fundamentals, tomwe tinatuluka pakati pa 1910 ndi 1915 pofuna kuteteza chikhulupiriro chakale cha Chipulotesitanti, tinali ndi alembi ena amene sankaona vuto kuvomera kuti dziko ndi lakalekale.

Chimene chinasintha ndi sukulu. Mu 1890 ophunzira a m'sekondale za boma anali pafupifupi 200,000. Pofika 1920 anali atayandikira 2 miliyoni. Chiphunzitso cha chisinthiko cha zamoyo, chomwe kale chinkathera m'mayunivesite, chinayamba kufika pakhomo pa mlimi, mwana atachinyamula m'chikwama. Bambo amene amakhoma msonkho wolipirira mphunzitsi anayamba kufunsa kuti: mwanayu ndi wanga, ndalama ndi zanga, nanga wasankha zoti aphunzire ndani? Funso limenelo ndiye mtima wa mkangano wonsewu. Za mafupa akale ndi zaka za miyala zimangobwera pambuyo.

Amene analinyamula funsoli n'kulifikitsa m'nyumba za malamulo anali William Jennings Bryan, wandale amene anapikisana nawo pa upulezidenti katatu, mu 1896, 1900 ndi 1908, osapambana. Masiku ano ambiri amamukumbukira ngati nkhalamba yaliuma, koma kumeneko n'kumulakwira. Bryan anamenyera alimi osauka ndiponso ufulu wa amayi woponya voti. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, iye ankakhulupirira kuti akuluakulu a asilikali a ku Germany anatenga kwa Darwin maganizo akuti wamphamvu ali ndi ufulu wopondereza wofooka. Ndipo buku la Bayoloje lomwe sukulu za ku Tennessee zinkagwiritsa ntchito, A Civic Biology la George William Hunter, linali ndi zonyansa zake: linasanja mitundu ya anthu n'kuika azungu pamwamba, linalimbikitsanso zoletsa anthu ena kubereka. Zimenezo si zimene chisinthiko chimanena, koma zinali m'buku lomwelo, ndipo amene amasimba nkhaniyi ngati nkhondo ya ophunzira ndi mbuli amakonda kuzidumpha.

Mu Malichi 1925 chigawo cha Tennessee chinakhazikitsa lamulo lomwe anabweretsa phungu wina mlimi, John Washington Butler. Linaletsa mphunzitsi wa sukulu ya boma kuphunzitsa kuti munthu anachokera ku nyama zotsika, pokana mmene Baibulo limafotokozera za kulengedwa kwake. Chindapusa chinali madola 100 mpaka 500. Bungwe loteteza ufulu wa anthu la American Civil Liberties Union linalengeza m'nyuzipepala kuti lithandiza mphunzitsi aliyense wololera kuzengedwa mlandu kuti lamulolo liyesedwe.

Apa nkhani ikuseketsa pang'ono. Akuluakulu a bizinesi m'katauni ka Dayton, komwe chuma chinali chitalowa pansi, anaona mwayi wotchukitsa kwawo. Anakumana m'sitolo ya mankhwala n'kuitanitsa John Scopes, mnyamata wa zaka 24, wophunzitsa masewero a mpira ndi sayansi, amene anangogwirizirako kalasi ya Bayoloje mwini wake atadwala. Scopes mwiniwake sanali wotsimikiza ngati anaphunzitsadi chisinthiko. Anavomera basi. Mlandu unayamba pa 10 Julayi 1925, Bryan ali mbali ya boma, loya wotchuka wa ku Chicago, Clarence Darrow, ali mbali ya Scopes. Atolankhani anakhamukira ku Dayton, wailesi ya WGN inaulutsa mlanduwo uli mkati, ndipo m'misewu munali alaliki, ogulitsa zidole za anyani, ngakhale anyani enieni ochita masewero.

Woweruza John Raulston anakana kuti akatswiri a sayansi aperekere umboni pamaso pa anthu wamba ogamula mlanduwo. Darrow atasowa mboni anachita chinthu chosayembekezeka: anaitana Bryan yemweyo kuti akhale mboni monga katswiri wa Baibulo. Tsikulo, pa 20 Julayi, khoti linasamukira panja chifukwa cha kutentha ndi kuchuluka kwa anthu. Darrow anamufunsa za Yona ndi chinsomba, za Yoswa kuimitsa dzuwa, za kumene Kaini anapeza mkazi. Potsiriza Bryan anavomera kuti masiku a kulenga mwina sanali a maola 24. Mawa lake Darrow anapempha yekha kuti Scopes apezeke wolakwa, kuti mpata wa apilo upezeke. Ogamula anatha mphindi 9 zokha. Chindapusa chinali madola 100. Patangopita masiku asanu Bryan anamwalira ali m'tulo, ku Dayton komweko.

Apilo sinafike komwe Darrow ankafuna. Mu 1927 khoti lalikulu la Tennessee linati lamulo lilibe vuto, koma linafafaniza chilango cha Scopes pa chifukwa chaching'ono: chindapusa choposa madola 50 chinayenera kuikidwa ndi ogamula, osati woweruza. Mlandu unafera pomwepo.

Sewero la Inherit the Wind la 1955, ndi filimu yake ya 1960, zinachititsa ambiri kuganiza kuti sayansi inapambana ku Dayton. Zoona zake n'zakuti m'kalasi inagonja. Mississippi inakhazikitsa lamulo lake mu 1926, Arkansas mu 1928 anthu atachita kuvota. Koma chachikulu chinachitika popanda lamulo. Makampani osindikiza mabuku, poopa kutaya msika wa zigawo za kumwera, anayamba kuchepetsa kapena kuchotseratu mitu ya chisinthiko. Buku la Hunter lomwe linatulukanso litasosoledwa. Kwa zaka pafupifupi 30 ana ambiri a ku America anamaliza sekondale osamva bwino za Darwin, ngakhale m'zigawo zomwe munalibe choletsa chilichonse.

Amene anabwezeretsa Darwin m'mabuku, mosadziwa, anali a Soviet Union. Mu Okutobala 1957 anaponya mumlengalenga setilaiti ya Sputnik, ndipo anthu a ku America anagwidwa ndi mantha kuti atsalira pa sayansi. Boma linathira ndalama m'maphunziro, akatswiri a bungwe la Biological Sciences Curriculum Study nalemba mabuku atsopano omwe anatuluka mu 1963, chisinthiko chili pakati penipeni. Mabuku atsopano anagundana ndi malamulo akale. Ku Little Rock, mphunzitsi wachitsikana Susan Epperson, Mkhristu wa mpingo wa Presbyterian, anapatsidwa buku lokhala ndi mutu womwe lamulo la Arkansas linkamuletsa kuphunzitsa. Anakasuma. Mu 1968 khoti lalikulu la dziko lonse linathetsa lamulolo. Tennessee inali itachotsa kale lake chaka chapitacho.

Wowerenga wa kuno, komwe Bible Knowledge ndi phunziro lolembedwa pa mayeso a MSCE, angadabwe kuti khoti likulowererapo bwanji. Malamulo oyendetsera dziko la America, m'chigawo chomwe anawonjezera mu 1791, amaletsa boma kukhazikitsa kapena kukondera chipembedzo. Sukulu ya boma ndi dzanja la boma. Komanso kulibe silabasi imodzi ya dziko lonse: kuli madera a maphunziro oposa 13,000, ambiri oyendetsedwa ndi makomiti ochita kusankhidwa pa voti. Choncho nkhani ikatha kuno imabuka uko. Zili ngati madzi a m'ngalande ya kudimba: ukatseka apa, amaboola pena.

Kuletsa kutakanika, njira yachiwiri inali kupempha malo ofanana. Maziko ake anali atayalidwa kale. George McCready Price, wa mpingo wa Seventh-day Adventist, ankaphunzitsa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti miyala yosanjikizana ndi mafupa a m'menemo zinabwera ndi chigumula cha Nowa. Mu 1961 katswiri wa zaumulungu John Whitcomb ndi injiniya wa zamadzi Henry Morris anatsitsimutsa maganizowa m'buku la The Genesis Flood, nati dziko lili ndi zaka masauzande ochepa chabe. Onani kutembenuka kwa zinthu: chimene Bryan sanaumirire mu 1925 chinasanduka chizindikiro cha wokhulupirira weniweni. Otsatira maganizowa anawatcha sayansi ya chilengedwe, ndipo mu 1981 Arkansas ndi Louisiana zinalamula kuti paliponse pophunzitsidwa chisinthiko, iyonso iphunzitsidwe.

Mlandu wa ku Arkansas uli ndi mbali imene anthu amaiiwala. Woyamba pa mndandanda wa odandaula anali mbusa, William McLean wa Presbyterian, ndipo pambali pake panali mabishopu a Methodist, Episcopal, Katolika ndi African Methodist Episcopal, pamodzi ndi mabungwe a Ayuda. Iwo sankafuna kuti kumasulira kumodzi kwa Genesis kuphunzitsidwe ndi boma ngati kuti ndiko Chikhristu chonse. Mpingo wa Katolika unali utanena kale mu 1950, kudzera mwa Papa Pius XII, kuti kufufuza za chisinthiko cha thupi la munthu n'kololedwa malinga mzimu uvomerezedwe kuti ndi wolengedwa ndi Mulungu. Mu Januwale 1982 woweruza William Overton anagamula kuti sayansi ya chilengedwe si sayansi, chifukwa yankho lake limadziwika kafukufuku asanayambe ndipo palibe umboni umene ungalisinthe. Lamulo la Louisiana linagwa mu 1987 pa mlandu wa Edwards ndi Aguillard, oweruza 7 kwa 2, asayansi 72 olandira mphoto ya Nobel atalembera khoti kulitsutsa.

Njira yachitatu inasiya kutchula Mulungu, Nowa ndi Genesis. Inangoti zamoyo zina n'zolukanalukana kwambiri moti sizikanakhalapo popanda wina wanzeru wozikonza, osanena kuti ndani. Loya Phillip Johnson ndi wasayansi Michael Behe anailembera mabuku mu 1991 ndi 1996, bungwe la Discovery Institute la ku Seattle likuikankha. Behe ankakonda chitsanzo cha kamchira kozungulira komwe mabakiteriya ena amasambirira: chotsani kachiwalo kamodzi, ankatero, kamchirako sikagwiranso ntchito, ndiye kakanayamba bwanji pang'onopang'ono?

Maganizowa anayesedwa ku Dover, ku Pennsylvania. Mu 2004 komiti ya sukulu inalamula kuti ana a giredi 9 aziwerengeredwa chikalata chonena kuti chiphunzitso cha Darwin chili ndi mipata, ndi kuwalozera ku buku la Of Pandas and People. Aphunzitsi a sayansi anakana kuchiwerenga, mpaka akuluakulu a ofesi ankachita kulowa okha m'makalasi. Makolo 11 anakasuma. M'khoti, Kenneth Miller, wasayansi yemwenso ndi Mkatolika wolimbikira, anasonyeza kuti tiziwalo tina ta kamchira kaja timapezeka mwa mabakiteriya ena tikugwira ntchito ina. Koma umboni wopweteka kwambiri unachokera kwa Barbara Forrest, amene anafufuza zolemba zoyambirira za buku lija. Anapeza kuti chigamulo cha 1987 chitangotuluka, alembi anafufuta mawu onena za kulenga n'kulowetsapo onena za wokonza wanzeru, ziganizo zina zonse zili chimodzimodzi. Zinaululikanso kuti ndalama zogulira mabuku 60 a mtunduwo zinasonkhedwa kutchalitchi, chinthu chomwe mamembala ena a komiti anabisa atalumbira. Woweruza John E. Jones III, wa mpingo wa Lutheran, woikidwa paudindo ndi Pulezidenti George W. Bush, anapereka chigamulo cha masamba 139 pa 20 Disembala 2005 chokomera makolo aja. N'kuti anthu a ku Dover atachotsa kale pa voti mamembala 8 a komitiyo. Dera linatsala ndi ngongole ya maloya yoposa madola 1 miliyoni.

Kuchokera apo malamulo amalembedwa mochenjera. La Louisiana la 2008 ndi la Tennessee la 2012 sanena za kulenga. Amangoti mphunzitsi ali ndi ufulu wothandiza ana kuunika mphamvu ndi zofooka za ziphunzitso za sayansi, natchula chisinthiko ndi kutentha kwa dziko monga zitsanzo. Ena anangochoka m'sukulu za boma n'kumaphunzitsa ana kunyumba kapena m'sukulu za mipingo, komwe zigamulozi sizifika. Ku Kentucky bungwe la Answers in Genesis linatsegula nyumba yoonetsera za chilengedwe mu 2007, ndi chingalawa cha Nowa chachikulu mu 2016.

Mkanganowu suli ku America kokha, ngakhale kwina sudutsa kukhoti. Turkey inachotsa chisinthiko m'silabasi ya sekondale mu 2017. Ku South Africa, komwe Raymond Dart analengeza za chigaza chakalekale cha mwana wa ku Taung m'chaka chomwecho cha mlandu wa Scopes, boma la tsankho silinkaphunzitsa chisinthiko m'sukulu, ndipo chinalowa m'silabasi ya giredi 12 mu 2008.

Ku America komweko, zimene khoti lagamula ndi zimene zimachitika chitseko cha kalasi chikatsekedwa n'zosiyana. Michael Berkman ndi Eric Plutzer a ku yunivesite ya Penn State anafunsa aphunzitsi a Bayoloje 926 a m'sekondale za boma mu 2007. Aphunzitsi 28 pa 100 alionse ankaphunzitsa chisinthiko mosabisa, 13 ankalimbikitsa poyera za kulenga, ndipo otsalawo, pafupifupi 60, ankazemba: ena ankangophunzitsa za tizilombo tosamva mankhwala osafika pa munthu, ena ankauza ana kuti angoloweza za mayeso, sikofunika kukhulupirira. Ofufuzawo anaona kuti gulu lapakatili ndi limene limasokoneza ana kwambiri kuposa 13 aja, ndipo ambiri mwa iwo sanali odana ndi Darwin. Anali aphunzitsi amene sanaphunzire bwino phunziroli kukoleji, okhala m'matauni ang'onoang'ono momwe kholo lodandaula amakumana nalo kusitolo Loweruka ndi kutchalitchi Lamlungu. Kafukufukuyu atabwerezedwa mu 2019, pogwiritsa ntchito muyeso wina, aphunzitsi onena momveka kuti chisinthiko ndi sayansi yokhazikika anali atakwera kuchoka pa 51 kufika pa 67 pa 100 alionse.