Mbiri ya Malipoti a Sukulu za Pulayimale m'Malawi

Sukulu zoyamba m'dziko muno zinali za amishoni. A Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889. M'sukulu zawo za kumidzi munalibe lipoti loti mwana apite nalo kunyumba. Ana ankalemba pasileti kapena padothi n'kufufuta, ndipo makolo ambiri sankadziwa kuwerenga. Kholo linkadziwa kuti mwana akuphunzira likamumva akuwerenga m'tchalitchi, kapena akuwerengera amayi ake kalata yochokera kwa bambo ku Halale kapena ku Joni. Wofotokozeredwa za mmene ana akuchitira anali mmishonale akabwera kudzayendera sukulu.

Boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, patapita zaka ziwiri nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zitayendera Nyasaland kudzaona za maphunziro. Thandizo la ndalama lomwe boma linkapereka kumishoni linabwera ndi zofuna zake: kaundula wa ana, makalasi odziwika bwino kuyambira Sub A ndi Sub B mpaka Sitandade 6, komanso mayeso okwezera mwana kalasi. Malikisi a maphunziro onse ankawonkhetsedwa, ana n'kundandalikidwa kuyambira woyamba mpaka womaliza.

Popeza makolo ambiri ankadalira khutu osati pepala, nambalazo zinazolowereka kulengezedwa pagulu tsiku lotsekera sukulu. Makolo, mafumu ndi a komiti amakhala pansi pa mtengo, ana amayimba ndi kuvina, kenako mphunzitsi wa kalasi iliyonse amaimirira ndi pepala lake. Nambala wani akatchulidwa, nthungululu zimamveka, achibale amathamanga kukamunyamula ndi kumufupa ndalama, sopo kapena makope. Mayina akatha, amene sanamve lake amadziwa kuti walakwa mayeso ndipo abwereza kalasi. Mudzi wonse umadziwira pomwepo. Mwambowu unali ndi mphamvu yokokera kusukulu ngakhale kholo losaphunzira, koma unali wouma mtima kwa mwana wotsalira, ndipo sunkauza aliyense ngati vuto lake lili pa masamu kapena pa kuwerenga.

Dziko litalandira ufulu, pulayimale inadzakhazikika pa Sitandade 1 mpaka 8, ndipo kapepala ka lipoti kanafala: malikisi a phunziro lililonse, nambala ya mwana mwa anzake angati, ndi mawu ochepa a aphunzitsi ndi ahedi. Malo a kusekondale anali ochepa kwambiri, choncho mayeso a Sitandade 8, omwe bungwe la MANEB lakhala likuyendetsa chikhazikitsidwire mu 1987, anasanduka mpikisano wa kusankhidwa. Nambala ya m'kalasi inkaoneka ngati chizindikiro cha amene adzasankhidwe.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mphunzitsi mmodzi, nthawi zina wosapita kukoleji, ankakhala ndi ana oposa 100. Ndemanga za pa lipoti zinafupika n'kumangofanana.

Akatswiri a maphunziro anayamba kufunafuna njira yosonyeza zimene mwana akutha kuchita, osati amene wamupitirira. Mu 2002 bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi linayesa m'sukulu zina za ku Ntcheu njira yoyesa ana pafupipafupi, ndipo msinkhu wa kudziwa kwa mwana unkasonyezedwa ndi mitundu ya utawaleza, kuyambira wofiira kukwera m'mwamba. Silabasi yatsopano ya PCAR italowa m'sukulu mu 2007, kuyambira Sitandade 1, malipoti anayamba kukhala ndi milingo inayi: 4 kwa wochita bwino kwambiri, 3 wochita bwino, 2 wapakatikati, ndi 1 kwa wofunika thandizo. Cholinga chinali chakuti mwana aziyerekezedwa ndi zimene silabasi ikufuna, komanso kuti ntchito ya teremu yonse iziwerengedwa, osati mayeso omaliza okha.

Milingoyi siinathe kuchotsa nambala. Poyamba inasokoneza ena, chifukwa 1, yemwe makolo anamuzolowera kukhala wapamwamba, tsopano anali wapansi. Kuyesa mwana aliyense payekhapayekha m'kalasi yodzaza kunali kovuta, ndipo ku Sitandade 8 kusankhidwa kunapitirirabe kudalira kupambana anzako. Sukulu zambiri zinangophatikiza zonse ziwiri: mlingo m'kabokosi kake, nambala pamwamba pa lipoti. Funso limene mwana amakumana nalo pakhomo likadali lakuti, "Wakhala nambala chani?" M'madera ena lipotilo linkayamba lasungidwa kuofesi mpaka kholo litalipira ndalama ya chitukuko kapena yosindikizira mayeso, ngakhale kuti maphunziro a pulayimale ndi aulere.