Kaundula Wofufutika: IFMIS ndi Chuma cha Boma la Malawi

Kwa zaka zambiri chilandirireni ufulu mu 1964, chuma cha boma la Malawi chinkalembedwa pamanja, m'mabuku akuluakulu otsimikizidwa ndi zidindo ndi masiginecha. Ntchito inkachedwa ndipo mafayilo ankasowa. Komabe wofuna kubisa chinyengo ankayenera kung'amba tsamba, ndipo tsamba long'ambidwa limasiya chipsera m'buku.

Kuyesa koyamba kosamutsira kaundulayu m'makompyuta, kumene kunayamba m'zaka za m'ma 1990, sikunaphule kanthu. Mu 2005 boma linatengera chitsanzo cha Tanzania n'kukhazikitsa IFMIS, dongosolo loyendetsera ndalama za boma lodalira pulogalamu ya Epicor. Cholinga chinali chabwino ndithu: unduna usatulutse cheke popanda ndalama yovomerezedwa mu bajeti, ndipo akuluakulu a ku Capital Hill aziona malipiro onse pamalo amodzi.

Usiku wa pa 13 September 2013, Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, anaomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Lilongwe. M'masabata otsatira apolisi anapeza mitolo ya ndalama m'magalimoto ndi m'nyumba za ena ogwira ntchito m'boma, ngakhale a malipiro ochepa. Nkhaniyi inatchedwa Cashgate. Lipoti la kampani ya Baker Tilly, limene linatuluka mu February 2014, linaonetsa kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasakazika pakati pa April ndi September 2013.

Chofunika kuchilingalira mofatsa ndi njira yobera, osati kuchuluka kwa ndalamazo. Anthu odziwa mawu achinsinsi olowera m'dongosololi ankalembamo malipiro a makampani amene sanagulitse kanthu ku boma. Cheke chikasindikizidwa, ankafufuta mzere wonsewo m'kompyuta. Kubanki ndalama yatuluka, m'kaundula muli mbee! Makinawo sanalakwitse masamu ngakhale pang'ono. Anamvera amene anali ndi kiyi, ndipo boma linali litawakhulupirira kwambiri moti silinkafulumira kuyerekeza zolembedwamo ndi macheke olipidwa kubanki.

Mu October 2013 Pulezidenti Joyce Banda anathetsa nduna zake, ndipo maiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo la bajeti, zimene zinapweteka odwala ndi ana asukulu kuposa akubawo. Dongosolo latsopano la IFMIS, lodalira pulogalamu ya SAP, linayamba kugwira ntchito mu 2020, patatha zaka pafupifupi 7.