Amene anatontholetsa mabandi a ku Las Vegas si ma DJ

Okonda Las Vegas yakale ali ndi nkhani imodzi yomwe satopa nayo. Amati usiku wa mumzindawu unkakoma pamene mahotela anali m'manja mwa akuluakulu a mafia. Munthu unkalowa mu lounge osalipira pakhomo, kugula tambula imodzi, n'kumvera bandi mpaka kunja kuyera. Kenaka, iwo amatero, kunabwera anyamata a malaputopu n'kuwatsomphola oimba chakudya pakamwa. Nkhaniyi imakoma m'khutu, koma mukandandalika zaka zake imatsimphina. Pamene ma DJ otchuka a ku Ulaya ankayamba kusaina makontrakiti okhazikika m'mahotelawa cha m'ma 2008, mabandi anali atafooka kale kwa zaka zoposa 20.

Mzindawu unabadwa pa 15 Meyi 1905, kampani ya njanji itagulitsa mapuloti m'chipululu cha Nevada ku America. Mowa ndi zina zausiku anazikankhira ku kachigawo kotchedwa Block 16. Mu 1931 Nevada inaloleza njuga, ndipo chaka chomwecho ntchito yomanga damu la Hoover inayamba, n'kubweretsa amuna zikwizikwi okhala ndi malipiro m'thumba koma opanda kowadyera. Hotela ya El Rancho Vegas inatsegulidwa mu 1941 m'mbali mwa msewu wopita ku Los Angeles, womwe lero umatchedwa Strip, ndipo Flamingo inatsatira mu Disembala 1946.

Hotela iliyonse inkakhala ndi zipinda ziwiri za zisangalalo. Chachikulu chinali cha akatswiri, monga Copa Room ya ku Sands yomwe inatsegulidwa mu 1952. Kumeneko anthu ankapita atatchena, kudya mgonero, kuonera, n'kutuluka nthawi ikakwana. Chachiwiri chinali lounge, kamalo kopanda chitseko m'mbali mwenimweni mwa matebulo a njuga, kokhala ndi kauntala ya mowa ndi kasiteji kakang'ono. Gulu la Mary Kaye Trio, lomwe linkaimba ku Last Frontier kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndilo ambiri amati linaonetsa kuti kamalo aka kangathe kusunga anthu usiku wonse.

Koma amene anakayatsa moto ndi Louis Prima, woimba lipenga wa ku New Orleans. Pofika 1954 nyenyezi yake inali itazilala, mabandi akuluakulu atatha fasho. Mu Novembala chaka chimenecho anapeza ntchito ya masabata awiri mu Casbar Lounge ku hotela ya Sahara, pamodzi ndi mkazi wake Keely Smith. Posakhalitsa anaitana mnzake wakwawo, Sam Butera woimba saxophone, ndipo masabata awiri aja anasanduka zaka. Ankayamba pakati pausiku n'kumaliza cha m'ma 6 koloko m'mawa, kukwera pasiteji kasanu usiku umodzi. Prima ankadumpha, kufuula, thukuta kamukamu, pamene Keely ankangoima pambali nkhope ili gwa, ngati mayi amene watopa ndi phokoso la ana. Anthu ankaseka kwambiri nkhope ija kuposa nthabwala. Ana a masiku ano mawu a Prima amawadziwa osadziwa mwini wake, chifukwa ndiye analankhulira King Louie, nyani wa mu katuni ya The Jungle Book ya 1967.

Apa mpamene nkhani ya okonda zakale imabisa kanthu. Lounge inali yaulere chifukwa inali nyambo. Mwini hotela sankafuna kuti mlendo akagone, pakuti wogona satchova njuga. Lipenga la Prima linkamveka mpaka pamatebulo, mkazi ankakhala akumvera nyimbo pamene bambo akutaya ndalama, ndipo bandi ikapuma onse ankabwerera kumakhadi. Oimba ankalipidwa ndi ndalama za otchova njuga, ndipo palibe ankafunsa ngati lounge payokha ikupanga phindu.

Chinanso chomwe amaiwala n'chakuti ulere umenewo sunali wa aliyense. Oimba akuda ngati Nat King Cole, Pearl Bailey ndi Sammy Davis Jr. ankadzaza zipinda za pa Strip, koma akatsika pasiteji ankakagona ku Westside, tsidya lina la njanji, m'nyumba za alendo monga Harrison House. Anthu akuda anali ndi makalabu awo mumsewu wa Jackson. Pa 24 Meyi 1955 kunatsegulidwa Moulin Rouge mumsewu wa Bonanza, hotela yoyamba ya kasino mumzindawu yolandira akuda ndi azungu limodzi, ndipo wolandira alendo anali katswiri wankhonya Joe Louis. Chionetsero chake chachitatu chinkayamba 2:30 usiku, nthawi yomwe oimba a ku Strip anali ataweruka, moti ankakhamukira kumeneko. Hotelayo sinathe ngakhale chaka chimenecho, inatsekedwa chifukwa cha ngongole. Komabe m'nyumba yomweyo ndi mmene munachitikira msonkhano wa pa 26 Malichi 1960, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP motsogozedwa ndi Dr. James McMillan ataopseza kuti achita zionetsero pa Strip, ndipo mahotela anavomera kutsegula zitseko kwa onse. Tiziikumbukira deti imeneyi, chifukwa masabata ochepa m'mbuyomo Frank Sinatra, Dean Martin, Davis, Peter Lawford ndi Joey Bishop anali akuphulitsa Copa Room usiku uliwonse kwinaku akujambula filimu ya Ocean's 11 masana. Nyengo yomwe anthu amaitcha yagolide ija, munthu wakuda wamba sakanagula tikiti yokaonera Davis.

Nanga mabandi anapita kuti? Anamezedwa ndi mabuku a ndalama. Howard Hughes anafika mu 1966 n'kuyamba kugula mahotela, ndipo malamulo a 1967 ndi 1969 analola makampani akuluakulu a pamsika wa masheya kukhala ndi makasino. Kampani yotere imayankha kwa eni masheya, ndipo owerengera chuma ake amafuna kuti ngodya iliyonse ya nyumba ionetse zomwe yabweretsa. Lounge sikanatha kuonetsa. Phindu lake linkagwera patebulo la njuga, pamene bilu ya oimba inkagwera pa iyo. Ma lounge ambiri anaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1970 n'kuikamo masewera a keno kapena makina a njuga, omwe sadwala, sapempha tchuthi, ndiponso alibe bungwe lowayankhulira. Ena ochepa anatsala, monga Cleopatra's Barge ya ku Caesars Palace, kabwato koyandama pamadzi m'kati mwa hotela komwe kanatsegulidwa mu 1970. Msomali wotsiriza unakhomedwa mu 1989, pamene bungwe la oimba linanyanyala ntchito kwa miyezi yoposa 7 pokana kuti mahotela ena aziika nyimbo zojambulidwa pa tepi m'malo mwa anthu. Oimba anagonja. Sands yenyeniyo inagwetsedwa ndi mabomba mu Novembala 1996.

Chodabwitsa n'chakuti kwa kanthawi mzinda wosagonawu unalibe kovinira kwenikweni m'mahotela ake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 maso anali pa mabanja: Excalibur yooneka ngati nyumba ya mfumu ya m'nthano, Luxor ya piramidi, MGM Grand yokhala ndi paki ya ana. Akuluakulu a makasino ankaona kalabu ngati mdani, poti wovina satchova njuga. Club Rio ndiyo inaswa mwambowu mu 1995, kenaka Ra ku Luxor ndi Studio 54 ku MGM Grand kumapeto kwa 1997. Mu 1999 ndalama zomwe mahotela a pa Strip ankapeza ku zipinda, chakudya, mowa ndi zisangalalo zinaposa koyamba za njuga, ndipo kuyambira pamenepo sizinabwererenso pansi.

Chomwe chinatembenuza zonse ndi botolo. Light, kalabu yomwe inatsegulidwa ku Bellagio kumapeto kwa 2001, inatchukitsa mchitidwe wochokera ku New York woti wofuna kukhala pansi agule botolo lathunthu. Vodka yomwe m'sitolo ndi madola makumi angapo imafika madola 500 kapena kuposa, ndipo tebulo lapafupi ndi DJ usiku wa Loweruka limafuna madola zikwi zingapo. Chogulidwa kwenikweni ndi mpando ndi maso a anthu. Botolo limabwera m'mwamba, atsikana operekera atalinyamula ndi timiyuni tothetheka, kuti aliyense acheuke aone mwini wake. Panja mabaunsa amayang'ana nsapato ndi chiphaso chosonyeza zaka 21, atsikana ambiri amalowa ulere kudzera pamndandanda wa alendo, anyamata osagula tebulo n'kumazizidwa pamzere. Owerengera chuma aja tsopano anapeza chipinda chomwe chinkatha kudziyankhira chokha. Usiku unasiya kukhala nyambo n'kusanduka katundu wogulitsa.

Zitatero mpikisano unakula msangamsanga. Pure inatsegulidwa ku Caesars Palace kumapeto kwa 2004, chaka chomwenso phwando la masana la padziwe losambira lotchedwa Rehab linayamba ku Hard Rock. Tao inabwera mu 2005 ku Venetian, pamalo pomwe panali Sands. XS inatsegulidwa kumapeto kwa 2008, chuma cha dziko lonse chili pamavuto, koma patapita zaka zochepa inkalowetsa madola oposa 100 miliyoni pachaka. Mu 2008 momwemo DJ Paul Oakenfold wa ku England anayamba kuimba mokhazikika ku kalabu ya Rain, chikondwerero cha Electric Daisy Carnival chinasamukira ku Las Vegas mu 2011, ndipo Hakkasan ya nsanjika zisanu inatsegulidwa mu 2013 itadya madola pafupifupi 100 miliyoni. Magazini ya Forbes inawerengera kuti DJ Calvin Harris wa ku Scotland anapeza madola 66 miliyoni mu 2014. Ngakhale Black Coffee wa ku South Africa anafika pokhala mmodzi wa ma DJ okhazikika ku hotela ya Wynn.

Mavuto anabwera pamene kalabu iliyonse inkafuna mayina omwewo ochepa. Malipiro a DJ anakwera, ndipo kuti abwezedwe, mtengo wa pakhomo ndi wa botolo unakwera nawo. Mapeto ake anaoneka bwino mu 2019, pahotela ina yomwe ili kunja pang'ono kwa Strip.

Hotelayo inali itangokonzedwa kumene ndi madola oposa 600 miliyoni, ndipo nyanga ya zonsezo inali kalabu yausiku ndi masana yomwe inatsegulidwa mu Epulo. Pakati pa dziwe losambira anaimikapo chiboliboli chachitsulo chopanda mutu, chotalika mamita pafupifupi 18. Khoma la nsanja ya hotelayo analikuta ndi chisikirini chachikulu. Sabata yotsegulira kunabwera oimba otchuka motsatizana, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti DJ mmodzi yekha anasaina kontrakiti ya madola 60 miliyoni ya zaka ziwiri. Anthu ankabwera ndithu, makamaka masiku a mayina akuluakulu. Koma ambiri anali achinyamata ogula tikiti, kumwa tambula imodzi kapena ziwiri, kujambula pafoni, n'kukwera galimoto kubwerera kuhotela zawo za pa Strip, osagona pamenepo, osadya pamenepo, osaponya ngakhale dola imodzi m'makina.

Pofika Seputembala akuluakulu ena oyendetsa malowo anali atayamba kuchoka, ndipo kontrakiti ya DJ uja inathetsedwa isanafike n'theka lomwe. Eni ake sanagonje msanga. Anamanga chidenga chooneka ngati chibaluni pamwamba pa dziwelo kuti phwando lipitirire m'nyengo yozizira, n'kuchitsegula ndi phwando lalikulu pa 31 Okutobala. Sabata isanathe kalabuyo inatsekedwa, itakhala miyezi 7 yokha. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Polankhula ndi eni masheya, eni hotelayo anafotokoza kuti mtengo wa oimba unali waukulu zedi, ndipo khamu lomwe linkabwera silinkasiya ndalama kwina kulikonse m'hotelamo. Ogwira ntchito ambiri anachotsedwa, ndipo mamiliyoni ena analipidwa pothetsa makontrakiti a oimba omwe sanaimbe.

Ine ndikamawerenga dandaulo limenelo ndimamva mawu a mwini kasino wa mu 1954. Iye ankadziwa kuti nyimbo ntchito yake n'kusunga mlendo m'nyumba, ndipo ankalipira anthu asanu ndi awiri kuti azichita zimenezo mpaka m'mawa. A mu 2019 ankafuna zomwezo, koma atazolowetsa kale mlendo kuti chisangalalo amagula pakhomo n'kuchoka nacho. Munthu amene walipira tikiti yodula ndi tambula ya madola 20 sakhala ndi zotsala za patebulo la makhadi.

Miyezi inayi yokha itadutsa, mliri wa Covid-19 unatseka makasino onse kuyambira pakati pa Malichi mpaka pa 4 Juni 2020, ndipo makalabu sanabwerere mwakale mpaka 2021. Atsopano anatsegulidwa, monga Zouk ku Resorts World mu 2021 ndi LIV ku Fontainebleau mu Disembala 2023. Pambali pawo payambanso kuphuka timalo ting'onoting'ono tobisika kuseri kwa zitseko, tokhala ndi mipando yofewa ndi bandi ya anthu anayi kapena asanu. Timatchedwanso lounge, koma tambiri timafuna kusungitsa malo pafoni ndi kulonjeza ndalama zomwe mumwere musanakhale pansi.

Moulin Rouge inapsa mu 2003 ndipo zotsala zake zinagwetsedwa mu 2010. Chikwangwani chake cha magetsi, chomwe anachijambula Betty Willis, mayi yemwenso anajambula chikwangwani chotchuka cholandirira alendo mumzindawu, chinapulumuka. Chili ku Neon Museum, pabwalo losungira zikwangwani za mahotela akale, pafupi ndi cha Sahara ndi cha Stardust. Anachiyatsanso mu 2020, ndipo wofuna kuchiona chikuwala amagula tikiti ya madzulo.