Nkhonya, karati, judo kapena taikwondo: wamkulu woyamba kumene asankhe ati?

Anthu ambiri amene amaganiza zoyamba masewera omenyana atakula kale sakhala akufuna lamba kapena kukathibula munthu. Akufuna kuphwetsa mimba, kutsitsa BP, ndi kusiya kupuma wefuwefu akangokwera kachitunda kochokera pa siteji kupita kunyumba. Koma akayamba kufufuza, funso lawo limakhala lakuti, "Kodi oopsa kwambiri ndi ati?" Limeneli ndi funso la ku vidiyo shoo, komwe anyamata ankakangana za Bruce Lee ndi Jet Li mpaka mdima. Kwa munthu wa zaka 35 kapena 50, wa ana ndi lendi, funso loyenera ndi lina: ndi masewera ati amene ndidzakhale ndikupitabe pakatha miyezi itatu, ndisanavulale komanso thumba lisanabooke? Yankho lake limachokera pa zinthu zitatu: thupi lanu, mtunda wokafika kumeneko, ndi mphunzitsi amene mukamupeze.

Thupi limafuna zochuluka bwanji

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata ngati ali apakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 ngati ali okhetsa thukuta kwambiri. Limawonjezeranso kuti masiku awiri pa sabata, kapena kuposera apo, pakhale masewera olimbitsa minofu. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: ngati mukutha kulankhula koma simungaimbe, ndi apakatikati, ngati mawu akuduka pakangotha awiri atatu, ndi olemetsa.

Ndiye kuti ola limodzi katatu pa sabata lakwana. Masewera onse amene tiwatchule apa amatha kukufikitsani pamenepo. Kusiyana kwawo kuli pa chiwalo chimene amachipanikiza, zida zimene amafuna, ndi ngozi zimene amabwera nazo.

Nkhonya

Awa ndi amene sasowa kuno kwathu, ndipo mayina tili nawo. Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre, anatha maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016. Anisha Basheel anakatenga lamba wa Commonwealth ku London mu 2018. Kwa wongofuna kulimbitsa thupi, ubwino wa nkhonya ndi wakuti zoyambira zake ndi zochepa: kaimidwe, kayendetsedwe ka miyendo, ndi mitundu inayi ya nkhonya. Pakatha sabata ziwiri mumakhala mukudziwa chochita. Ntchito yambiri ndi kudumpha chingwe, kumenya mphepo, kumenya thumba ndi kumenya mapadi a kochi, kawirikawiri m'maraundi a mphindi 3 ndi kupuma mphindi imodzi. Mtima ndi mapapo zimalimba msanga.

Zimene zimapanikizika ndi zala, mikono ndi mapewa. Musamenye thumba ndi manja osakulunga. Gulani nsalu zokulunga m'manja ndipo kochi akuonetseni kakulungidwe kake. Nkhani yaikulu ndi mutu. Kumenyedwa m'mutu mobwerezabwereza kumawononga ubongo, ndipo chipewa cha siponji chimateteza mabala a kumaso, osati kugwedezeka kwa ubongo. Bola mudziwe kuti mutha kuchita nkhonya zaka ndi zaka osalowa mu ring'i. Kulimba kwa thupi kumachokera pa thumba ndi chingwe, osati pa kumenyedwa.

Karati

Karati inachokera pa chilumba cha Okinawa, ndipo Gichin Funakoshi ndi amene anakaionetsa ku Tokyo mu 1922. Mtundu wa Shotokan, womwe ndi wofala m'mayiko ambiri, unachokera kwa iyeyo. Phunziro limagawidwa patatu: kihon, kubwereza nkhonya, matheche ndi kutchinga, kata, mndandanda wa mayendedwe oloweza omwe munthu amachita yekha, ndi kumite, kulimbana ndi mnzako motsatira malamulo.

Kwa wamkulu, kata ndi chuma. Mutha kuichita pakhonde m'mawa opanda chida chilichonse, olo tsiku limene mwalephera kupita ku kalabu. Malamba amathandizanso anthu amene amagwa ulesi akapanda kuona pomwe afika. Koma kaimidwe ka Shotokan ndi kotsika, kotambalala, ndipo mawondo amamva. Ngati bondo limakuvutani kale, muuzeni mphunzitsi tsiku loyamba kuti akuloleni kuima mokwererako. Dziwaninso kuti makalabu ambiri a karati amadzaza ndi ana asukulu. Funsani ngati pali nthawi ya akuluakulu, chifukwa kuima pamzere umodzi ndi ana a sitandade 4 kumagwetsa mphwayi anthu ena.

Taikwondo

Iyi ndi ya ku Korea, dzina lake linakhazikitsidwa mu 1955, ndipo inalowa mokwanira m'masewera a Olympics mu 2000 ku Sydney. Mphamvu zake zili m'miyendo: matheche okwera, ozungulira, odumpha. Imafewetsa chiuno, imalimbitsa ntchafu, ndipo thukuta silichedwa. Munthu amene wakhala pa desiki zaka khumi asamayembekeze kuti phazi lifika kumutu mwezi woyamba. Kukakamiza mwendo wozizira kukwera ndi kumene kumang'amba mnofu wa kuseri kwa ntchafu, ndipo umenewu umatenga masabata kuti upole. Yambani ndi matheche a m'chiuno. Ngati thupi ndi lolemera kwambiri, zodumphadumpha zidikire kaye, chifukwa akakolo ndi mawondo ndi amene amalipira.

Judo

Jigoro Kano anayambitsa judo ku Tokyo mu 1882, ndipo inalowa mu Olympics mu 1964. Dziko lathu linaimiridwapo pa masewerawa ndi Harriet Bonface ku Olympics ya Tokyo 2020. Mu judo mulibe nkhonya kapena theche. Mumagwirana malaya, kukokana, kupingana ndale ndi kugwetsana, kenako kupanikizana pansi. Thupi lonse limagwira ntchito, makamaka msana, mimba ndi zala, moti masiku awiri a minofu aja amakwaniriratu pomwepo.

Chinthu choyamba chimene amaphunzitsa ndi kagwedwe, komwe amati ukemi: kugwa osagunditsa mutu, osatsogoza dzanja. Luso limeneli limathandiza moyo wonse, kaya mwaterereka m'matope a Januwale kaya kabaza wakugwetsani. Koma kugwa ndi kugwa basi. Amene ali ndi vuto la msana, khosi kapena phewa aganize kawiri. Ndipo judo imafuna matiresi ake enieni olimba bwino. Mukapeza anthu akugwetsana pa simenti poyala kapeti, tembenukani.

Ena amene mungamve

Brazilian jiu-jitsu inaphuka kuchokera ku judo, ndipo inatchuka ndi banja la Gracie ku Brazil. Zambiri zimachitikira pansi: kupana, kupotokola mkono, kufinya khosi. Ukagonja umamenya mnzako kapena pansi pang'ono ndi dzanja, iye n'kusiya. Imakomera amene safuna kumenyedwa kumaso, koma woyamba aphunzire kugonja msanga, chifukwa makani amathyola chigongono. Muay Thai ya ku Thailand imagwiritsa ntchito zibakera, zigongono, mawondo ndi miyendo. Pamodzi ndi kickboxing, imatopetsa ngati nkhonya koma imawonjezera ntchito ya miyendo. Tai chi ya ku China ndi yapang'onopang'ono, yosagundana, ndipo imadziwika pothandiza achikulire kuti asamadzandire ndi kugwa. Siithamangitsa mtima ngati enawa, koma kwa wa zaka 60 kapena amene akuchira ndi poyambira pabwino. Masewera amenewa aphunzitsi ake ndi osowa kuyerekeza ndi a nkhonya ndi karati, ndiye musamange mfundo pa chinthu chimene kwanuko kulibe.

Yambani mwafunsa thupi

Musanalipire kalikonse, kayezetseni BP ndi shuga. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka, munthu amangoyenda nako osadziwa, ndipo masewera olemetsa amakweza BP pa nthawi imene mukuwachita. Ngati muli pa mankhwala a BP, shuga kapena mtima, ngati muli ndi mphumu, ngati munachitidwapo opaleshoni, kapena ngati ndinu oyembekezera, auzeni adokotala masewera enieni amene mukufuna kuyamba. Wa shuga asapite ndi njala, ndipo azinyamula kotsekemera m'thumba. Wa mphumu asasiye kopopera kake kunyumba.

Mwachidule zili chonchi. Mawondo ovuta: nkhonya zapathumba kapena tai chi. Msana kapena khosi: pewani zogwetsana. Mapewa ndi mikono: karati ya kata kapena taikwondo. Ofuna kuphwetsa thupi msanga: nkhonya kapena kickboxing, koma podziwa kuti ola limodzi pa thumba silingafafanize chipisi cha masana ndi mabotolo a Loweruka. Mimba imaphwa mbale ikasinthanso.

Mtunda ndi ndalama

Apa ndi pamene ambiri amagwera, osati pa bondo. Tiyerekeze mumakhala ku Chirimba, mumagwira ntchito m'tauni, ndipo kalabu imene mwaikonda ili ku Bangwe. Kupita ndi minibasi ziwiri, kubwerera zitatu kapena ziwiri, mdima utagwa kale. Katatu pa sabata ndi maulendo 12 kapena 13 pa mwezi. Werengerani thiransipoti ya maulendo amenewo muone ngati siiposa ndalama ya kalabuyo. Mvula ikayamba, sabata imodzi mujomba, yachiwiri mupeza chifukwa, yachitatu mwasiya. Kalabu wamba imene ili panjira yanu ya tsiku ndi tsiku imaposa kalabu yotchuka ya kutsidya kwa tauni.

Funsani mitengo yonse poyera: yolembetsa, ya pamwezi, ya yunifolomu, ya mayeso a lamba. Mu karati ndi taikwondo mayeso amakhala ndi mtengo wake, ndipo ena amazidziwa mochedwa. Mwezi woyamba musagule zambiri. Kabudula, tisheti ndi nsapato za pa kaunjika zakwana, ndipo karati, judo ndi taikwondo amachita opanda nsapato. Yunifolomu ndi magolovesi mudzagule mukaona kuti mwakhazikika. Kulipiriratu miyezi isanu ndi umodzi chifukwa akuti akuchotserani ndi njira yachidule yotayira ndalama.

Kaoneni kaye

Safunsa anadya phula. Pitani mukakhale pambali muonerere phunziro lonse, ndipo kalabu yabwino siikana zimenezi. Onani ngati amayamba ndi kutenthetsa thupi. Onani mmene mphunzitsi amachitira ndi wofooka kwambiri pagulupo, osati katswiri wake. Kodi amakonza zolakwika, kapena amangokuwa manambala uku akuseweretsa foni? Kodi alipo ena amsinkhu wanu? Kodi amayi alipo, ndipo akuoneka omasuka? Pansi ndi paukhondo? Pa matiresi osapukutidwa ndi pamene anthu amatengerapo zipere. Pali bokosi la mankhwala a ngozi?

Mufunseni mphunzitsi anaphunzira kuti, lamba wake anamupatsa ndani, ndipo kalabu yake ili pansi pa bungwe liti. Mabungwe oyendetsa masewera osiyanasiyana m'dziko muno amalembetsa ku Malawi National Council of Sports, ndiye yankho lake ndi lotheka kulitsatira. Lamba wakuda amagulitsidwa m'sitolo. Wodziwa zake sakwiya akafunsidwa.

Zizindikiro izi zikaoneka, musabwererenso: kumuika watsopano kuti amenyane ndi wakale tsiku loyamba "kuti alimbe mtima", kukaniza anthu madzi, kuseka wovulala, kulonjeza lamba wakuda pa chaka chimodzi, kapena kukamba za mankhwala ndi zithumwa zolimbitsa thupi. M'makalabu enieni lamba wakuda amatenga zaka zingapo. Kwa amayi ndi atsikana, mphunzitsi amene amaumirira zoti muziphunzira awiriwiri kuseri, kapena wogwiragwira posayenera, ameneyo si wa masewera.

Mwezi woyamba

Yambani kawiri pa sabata, ndi tsiku lopuma pakati, kenako muonjezere lachitatu. Thupi lidzaphwanya, makamaka tsiku lachiwiri ndi lachitatu mutachita masewera, mpaka kukhala pampando kumavuta. Zimenezo n'zachibadwa ndipo zimachepa pakatha masabata ochepa. Chosiyana ndi ululu wobaya pa mfundo, kutupa, kapena bondo lokana kulemera kwanu, pamenepo imani. Kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena mtima kugunda mosalongosoka, siyani pomwepo mupite kuchipatala. Mukagunda mutu n'kumamva mutu kuwawa, nseru kapena kusokonezeka, tsiku limenelo masewera atha, ndipo musabwerere musanaonedwe ndi achipatala.

Nyamulani madzi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Musadye nsima yambiri kutangotsala pang'ono. Siyani maola awiri kapena atatu. Ndipo musapikisane ndi mnyamata wa zaka 19 amene ali pambali panu. Iyeyo mawa adzuka bwinobwino, inu muli ndi ntchito yoti mukagwire.

Nanga zodziteteza?

Ambiri amafunsa ngati masewerawa angawathandize akakumana ndi achifwamba. Amathandiza pa mpweya wothawira, pa kusachita mantha msanga, ndi pa kugwa osavulala. Koma palibe lamba amene amatchinga chikwanje. Aphunzitsi enieni amanena okha kuti wakuba akafuna foni, mpatseni. Komanso luso limeneli mukakaligwiritsa ntchito pa mkangano wa ku bala, lamulo silidzafunsa kuti munaphunzira kwa ndani.

Ngati mwasowabe chosankha, lembani makalabu awiri kapena atatu amene mungafikeko osapitirira mphindi 30 kuchokera kunyumba kapena kuntchito. Kaonereni lililonse kamodzi, kayeseni kamodzi, kenako lipirani mwezi umodzi kumene mwaona kuti mphunzitsi wasamala za bondo lanu ndipo wakumbukira dzina lanu. Mwezi ukatha mudzifunse kuti mwapita kangati. Ngati mwapita kasanu ndi katatu kapena kuposa, mwapeza masewera anu. Ngati mwapita kawiri, yesani kalabu yachiwiri ija.