Ulendo, Mabwinja ndi Chikhulupiriro: Phunziro la ku Msoro

M'zolembedwa za Azungu muli mtundu wa nkhani zopeka m'mene chikhulupiriro cha munthu chimayesedwa ndi chinthu chofukulidwa m'nthaka. Chitsanzo ndi buku la Paul Maier, A Skeleton in God's Closet (1994), m'mene mafupa ofukulidwa akayikitsa anthu za kuuka kwa Yesu. Mtundu umenewu sunazike mizu m'Chinyanja, ndipo mbiri ya Msoro ikutithandiza kuona chifukwa chake.

Kummwera kwa Africa, kulumikiza Baibulo ndi mabwinja kunadza ndi mtima wolanda. Mu 1871 Karl Mauch ataona Great Zimbabwe anaganiza za Mfumukazi ya ku Seba, ndipo mu 1885 Rider Haggard anafalitsa maganizo otere m'buku lake King Solomon's Mines. Ntchito ya David Randall-MacIver mu 1905 ndi ya Gertrude Caton-Thompson mu 1929 inatsimikiza kuti omanga malingawo anali Aafirika. Kummawa kwa Zambia nako, David Phillipson atakumba ku Makwe, Thandwe ndi Kalemba anapeza zipangizo zamwala ndi mapale a mbiya za eni nthaka. Choncho mabwinja akuno amachitira umboni makolo, osati Solomoni.

Nanga chikhulupiriro chinayesedwa kuti? Chinayesedwa paulendo. Leonard Kamungu, wa ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, anadzozedwa unsembe wa Anglikani mu 1909. Posakhalitsa anasiya nyanja napita ku Msoro, pakati pa Akunda a m'chigwa cha Luangwa, kumene anakhazikitsa ntchito ya UMCA mpaka imfa yake mu 1913. Mbiri yake, imene John Weller anailemba mu 1971, ili ndi msana wofanana ndi wa Nthondo (1933) wa Samuel Ntara: munthu achoka kwawo, ayesedwa pakati pa alendo, ndipo chikhulupiriro chake chionekera m'makhalidwe. Kusiyana kwake n'kwakuti Nthondo anasochera nabwerera kwawo kukatembenuka mtima, pamene Kamungu anapirira nafera kuchilendo.

Motero mphunzitsi wofuna nkhani za mayesero a Mkhristu m'Chinyanja asayembekezere manda obisika kapena mipukutu yotayika. Funso la olemba athu silinali lakuti Baibulo n'loona kodi, koma lakuti munthu angakhale bwanji Mkhristu osataya abale ake.