Kadyetsedwe ka Ana a Ziwengo ndi Ana Osankha Zakudya: Malangizo kwa Makolo, Alimi ndi Ogulitsa Zakudya ku Nkhata Bay

Mabanja ambiri a m'tauni ya Nkhata Bay ndi midzi yozungulira amadalira nsima ya kondowole, ndipo ndiwo zake kawirikawiri zimakhala usipa, utaka, batala kapena chigwada chotendera. Nsima imeneyi imakhutitsa ndi kupatsa mphamvu, koma chinangwa chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri poyerekeza ndi chimanga, mapira kapena mpunga. Motero mwana wa m'derali amapeza zomanga thupi makamaka m'ndiwo. Nsomba kapena nsinjiro zikachotsedwa pa mbale yake, kaya chifukwa zimamuwenga kaya chifukwa amazikana, popanda kuikapo china m'malo mwake, mwanayo amagona wokhuta usiku uliwonse koma sakula monga kuyenera.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira, ndipo mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha mwa 100 alionse ndiwo ankalandira chakudya chokwanira komanso chakasinthasintha. Unduna wa Zaumoyo umalangiza kuti tsiku lililonse banja lizidya kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mwana wa ziwengo naye akuyenera kupeza magulu onsewa. Chimene chimasintha ndi chakudya chimodzi cha m'gulu, osati gulu lonse.

Ziwengo n'chiyani, ndipo zimasiyana bwanji ndi kusankha zakudya

Ziwengo za chakudya zimachitika pamene chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi chakudya china ngati kuti ndi mdani. Zizindikiro zake zimaoneka msanga, nthawi zambiri pakangopita mphindi zochepa kufikira maola awiri mwana atadya, ndipo zimabwereranso nthawi iliyonse akadya chakudyacho. Khungu limatuluka totupa toyabwa, milomo kapena zikope zimatupa, mwana amasanza kapena kumva kupotokola m'mimba. Zakudya zimene zimawenga ana kawirikawiri padziko lonse ndi mkaka wa ng'ombe, mazira, mtedza, nsomba, nkhanu, soya, tirigu, chitowe ndi mtedza wa m'mitengo monga makademiya, omwe amalimidwa ku Kawalazi m'boma lomweli.

Mwana akayamba kubanika, kulira mawu osasa, kutupa lilime, kufooka mwadzidzidzi kapena kukomoka atangodya, moyo wake uli pachiswe. Apite naye msangamsanga ku chipatala chachikulu cha boma la Nkhata Bay kapena chipatala chilichonse chapafupi, kumene mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline. Asayambe amumwetsa mkaka, mafuta ophikira kapena mankhwala azitsamba, ndipo asamukakamize kusanza. Ana amene ali ndi mphumu ndiwo amafunika kuwayang'anira kwambiri.

Kusankha zakudya ndi nkhani ina. Ana ambiri a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi amakana chakudya chachilendo, kapena chimene fungo, maonekedwe ndi kuterera kwake sizinawasangalatse. Mwana wotere amalavula therere kapena kukankha mbale ya usipa, koma khungu lake silisintha ndipo amapuma bwinobwino. Uyu safunika kumusalitsa chilichonse.

Palinso matenda ena amene anthu amawasokoneza ndi ziwengo. Mwana amene amatupidwa ndi kutsegula m'mimba akamwa mkaka wambiri akhoza kukhala kuti thupi lake likulephera kugaya shuga wa mu mkaka, ndipo ambiri otere amamwa chambiko pang'ono popanda vuto. Banja lonse likadwala mutu, chizungulire ndi kusanza litadya kondowole, chokayikitsa choyamba ndi chinangwa chowawa chimene chinavuulidwa chisanafewe. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo chiyenera kusendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku atatu mpaka asanu kufikira chitafewa, kenako kuyanikidwa mpaka chiume. Mtedza wa chuku nawonso ndi woopsa kwa aliyense, wa ziwengo ndi wopanda ziwengo yemwe.

Chifukwa cha kufanana kumeneku, kholo lisagamule lokha. Likumbukire kapena kulemba chimene mwana anadya, nthawi imene zizindikiro zinayamba ndi mmene zinaonekera, kenako likafotokoze kwa dokotala kapena kusikelo ya ana. Ziwengo zikatsimikizika, zilembedwe m'buku la kuchipatala la mwanayo. Zimenezi n'zofunika kwambiri popeza chiponde chimene ana onyentchera amalandira kuchipatala chimapangidwa ndi mtedza ndi mkaka, pamene Likuni Phala ndi phala la m'sukulu zambiri limakhala ndi soya.

Makolo ena amachedwetsa dala mazira, nsomba ndi nsinjiro poopa kuti mwana angayambe ziwengo. Kafukufuku wotchedwa LEAP, amene anachitika ku London pa makanda 640 ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2015, anasonyeza zosiyana ndi maganizo amenewa: makanda amene anayamba kudya mtedza msanga anapezeka ndi ziwengo za mtedza mochepa kwambiri kusiyana ndi amene anawasalitsa. Choncho mwambo wothira nsinjiro m'phala la mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi ndi wabwino ndipo upitirire. Chakudya chatsopano chiyambitsidwe chimodzichimodzi, pang'ono, masana, kuti kholo lione mmene thupi lachilandirira. Khanda la chikanga chachikulu, kapena limene linadwalapo litadya china chake, liyambe laonedwa ndi achipatala.

Mwana amene nsomba zimamuwenga

Kwa banja la m'mphepete mwa nyanja, izi ndiye ziwengo zovuta koposa, chifukwa nsomba ndiyo ndiwo yosavuta kuipeza. Chimene chimawenga mu nsomba sichitha ndi moto, dzuwa kapena utsi, kotero usipa wofutsa, wouma ndi wokazinga ndi chimodzimodzi. Ana ambiri amene mtundu umodzi wa nsomba umawawenga amawengedwanso ndi mitundu ina, ndipo si nzeru kuyesa chambo kunyumba poganiza kuti vuto linali la usipa wokha. Msuzi wa nsomba nawo ndi nsomba ndithu, ngakhale mnofu utachotsedwa.

Ndiwo yabwino yolowa m'malo ndi chipere. Makapu awiri a nyemba, khobwe kapena nandolo wouma aviikidwe usiku wonse. M'mawa atikitidwe ndi manja kuti makoko achoke, kenako aphikidwe mpaka atafeweratu. Mu poto wina akazinge anyezi mmodzi ndi tomato awiri m'masupuni awiri a mafuta, athiremo nyembazo ndi mchere wa ayodini pang'ono, n'kuzipota ndi mthiko mpaka zisalale. Ana ambiri amene amakana nyemba amadana ndi makoko ake, ndipo chipere amachidya mosavuta. Chimayenda bwino ndi kondowole komanso ndi mpunga wa ku Limphasa. Alimi amene angapeze mbewu ya nyemba za NUA 45, zomwe zili ndi ayironi wochuluka, angachite bwino kusungako zina za pakhomo asanagulitse.

Pamene ndalama zilola, dzira limodzi lofulula kapena nyama ya nkhuku yodula tizidutswa ting'onoting'ono zimakwaniritsa gulu la zanyama. Pa nkhungu, zimene anthu a m'mbali mwa nyanja amazigwira zikatuluka m'madzi ngati utsi, pafunika kusamala: mwana amene nkhanu zimamuwenga akhoza kuwengedwanso ndi tizilombo todyedwa monga nkhungu, ngumbi ndi ziwala.

Mwana amene mtedza umamuwenga

Nsinjiro zimalowa m'zakudya zambiri mosaonekera: m'phala, m'futali, mu nkhwani, kholowa ndi chigwada. Kutendera kungapitirire pogwiritsa ntchito nthanga za maungu. Nthangazo zitsukidwe, ziyanikidwe, zikazingidwe pang'ono pa chiwaya chouma, zisinjidwe ndi kusefedwa. Ufa wake umakometsa ndiwo mofanana ndi nsinjiro ndipo uli ndi mafuta ndi zomanga thupi. Njere za mpendadzuwa zochotsa makoko zimagwira ntchito yomweyo. Mtondo, munsi ndi sefa zimene zinasinjirapo mtedza zitsukidwe ndi sopo, popeza kafumbi kochepa chabe n'kokwanira kudwalitsa mwana.

Futali wa mwana wotere aphikidwe motere: mbatata zinayi zofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni, zisendedwe, zidulidwe ndi kuwiritsidwa m'madzi ochepa. Zikatsala pang'ono kupsa, athiremo theka la kapu ya ufa wa nthanga wosungunula m'madzi ofunda ndi kamchere, ndipo ziwire pa moto wochepa kwa mphindi 10. Mbatata zofiira mkati zili ndi vitamini A wambiri, ndipo kutsekemera kwake kumakopa ngakhale mwana wovuta kudya. Chigwada chisinjidwe kaye bwinobwino ndi kuwiritsidwa mosavundikira kwa mphindi zosachepera 30 asanachitendere, chifukwa masamba a chinangwa nawo ali ndi poizoni uja.

Ana ambiri amene mtedza umawawenga amadya nyemba, khobwe ndi nzama popanda vuto, ndipo sayenera kusalitsidwa gulu lonse la zanyemba pokhapokha achipatala atatero. Ziwengo za mtedza ndi za nsomba nthawi zambiri sizitha mwana akakula.

Mkaka, mazira, soya ndi tirigu

Ziwengo za mkaka ndi mazira zimatha mwa ana ambiri akamakula, koma kuyesanso kuchitike ndi uphungu wa dokotala. Mkaka wa mbuzi sungalowe m'malo mwa wa ng'ombe chifukwa zowenga zake n'zofanana. Kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo kashiamu wolimbitsa mafupa apezeke mu usipa wodyera pamodzi ndi minga yake, bonongwe ndi ufa wa malambe.

Phala lopanda soya, mkaka ndi mtedza limapangidwa posakaniza magawo anayi a mgaiwa ndi gawo limodzi la ufa wa khobwe wokazinga ndi kuchotsa makoko. Liphikidwe mphindi 20, likhale lolimba moti silikuyenderera pa supuni, ndipo pophula athiremo supuni yaing'ono ya mafuta kapena peyala lofinya. Phala la ufa wa chinangwa wokhawokha ndi losakwanira kwa mwana.

Pa tirigu, khomo la ku Nkhata Bay lili ndi mwayi: kondowole, mgaiwa, mpunga, mbatata ndi nthochi zilibe tirigu. Zoyenera kupewa ndi buledi, masikono, mabisiketi ndi mandasi. Zitumbuwa za nthochi zitatu zakupsa zofinya, kapu imodzi ndi theka ya mgaiwa ndi kamchere, zokazinga m'mafuta atsopano, zilibe tirigu, dzira kapena mkaka, ndipo ndi kamba wabwino wopita naye kusukulu.

Mwana wongosankha zakudya

Apa chofunika ndi kuleza mtima. Mwana angafunike kuona ndi kulawa chakudya maulendo khumi kapena kuposerapo asanachilandire, pamene makolo ambiri amaleka atayesa kawiri kapena katatu. Chatsopanocho chiikidwe pang'ono pambali pa chimene amachikonda kale. Akhale ndi mbale yakeyake kuti kholo lione kuchuluka kwa zimene wadya, koma adyere pamodzi ndi ena, chifukwa ana amatengera zimene akuona. Kumukalipira, kumumenya kapena kumutsina mphuno kuti ameze kumangomudanitsa ndi chakudyacho, ndiponso kungamutsamwitse. Nthawi zambiri mwana amene akuti sadya amakhala atakhuta kale tiyi wa shuga, mafirizesi ndi tokamba ta m'mapaketi chakudya chisanafike.

Kwa amene nsomba sizimuwenga koma amadana ndi minga, usipa wouma ukazingidwe pang'ono, usinjidwe wonse ndi mitu yomwe, usefedwe, ndipo supuni imodzi ya ufawo ithiridwe m'phala kapena m'ndiwo zamasamba. Masamba adulidwe mosalala ndi kuphikidwa kanthawi kochepa, popanda soda kapena chidulo, zomwe zimaononga mavitamini. Mtedza wathunthu usaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka zisanu chifukwa umatsamwitsa, ndipo uchi usaperekedwe kwa khanda losakwana chaka. Mwana amene sakukwera sikelo, kapena wasiya kudya mwadzidzidzi, akaonedwe kuchipatala, popeza malungo, njoka za m'mimba ndi kuchepa kwa magazi zimachotsa chilakolako cha chakudya.

Kwa ogulitsa zakudya ndi osamalira ana

Ogulitsa zakudya zophikaphika mumsika, padepoti, padoko la Ilala ndi m'misika ya ku Mpamba ndi Chintheche akupemphedwa kuyankha zoona kholo likafunsa ngati m'chakudya muli nsinjiro, dzira, mkaka kapena ufa wa tirigu. Amene sakudziwa anene kuti sakudziwa. Mafuta amene akazingira nsomba asakazingirenso tchipisi, chinangwa kapena zitumbuwa zogulitsa ngati zopanda nsomba, ndipo chipande cha mphika wina chisalowe mu mphika unzake. Eni zigayo adziwitse makasitomala pamene angogaya kumene soya, kuti ufa wa mwana wa ziwengo usatsatire pomwepo. Opanga ufa wa phala wosakaniza alembe pa paketi zonse zimene athiramo, ndipo ogula aziwerenga zolembedwazo nthawi iliyonse pamodzi ndi kuona chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Agogo, olera ana, aphunzitsi ndi amayi ophika phala m'sukulu za mmera mpoyamba auzidwe momveka dzina la chakudya chimene chimawenga mwana, zizindikiro zake ndi chipatala chothamangirako. Mwanayo akayamba kuyankhula bwino, aphunzitsidwe kutchula yekha chakudyacho ndi kufunsa asanalandire kamba kwa anzake.