Amayi a M'zithunzi za Nkhondo ndi Anzawo a ku Chigwa cha Shire

Mayi ndi chowotcherera

Mayi waima pa chitsulo chachikulu. Wavala ovololo ndi jombo. Kumutu wamanga duku, ndipo chigoba chotchinjiriza maso wachikankhira m'mwamba kuti nkhope ioneke. M'manja wagwira chowotcherera. Kumbuyo kwake kuli sitima ya pamadzi yosamalizidwa, yaitali kuposa mlambe.

Zithunzi zotere zilipo zambirimbiri. Zinajambulidwa ku America ndi ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, imene akuluakulu amati nkhondo ya Hitler. Mmalawi amene anakula nthawi ya Kamuzu akaziona, maso ake amayamba agwera pa thalauza, poti kuno lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala thalauza kwa zaka pafupifupi 20.

Amayiwa anafika bwanji kumeneko?

Amuna anali atapita kunkhondo. Panyanja, sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza sitima zonyamula chakudya ndi zida. Pankafunika zina zatsopano mwamsanga, koma omanga anachepa.

Mu Disembala 1941 boma la Britain linakhazikitsa lamulo loti akazi osakwatiwa a zaka 20 mpaka 30 aziitanidwa ku ntchito za nkhondo. Ku America sanawakakamize, anawakopa ndi malipiro. Mu mzinda wa Richmond ku California, pamalo omangira sitima a kampani ya Kaiser, amuna ndi akazi anamanga sitima 747. Imodzi, dzina lake Robert E. Peary, anailumikiza m'masiku 4 ndi maola 15 okha mu Novembala 1942. Wosema bwato ku Nsanje angapukuse mutu atamva zimenezi.

Wojambula anali wotumidwa

Zambiri mwa zithunzizi sizinajambulidwe mwangozi. Boma la America linatsegula ofesi yofalitsa nkhani za nkhondo mu 1942, ndipo linkatuma ojambula monga Alfred Palmer m'mafakitale. Cholinga chinali choti amayi ena asirire, nawonso akalembedwe ntchito. N'chifukwa chake ambiri mwa amayiwo akuoneka aukhondo, tsitsi lili m'malo, milomo yopaka. Utsi, phokoso ndi zipsera za moto sizioneka kwenikweni. Sizionekanso kuti ambiri ankalandira ndalama zochepa poyerekeza ndi amuna.

Akazi akuda analiponso. Mu 1943 wojambula wina wakuda, E. F. Joseph, anajambula amayi akuda akuwotcherera sitima yotchedwa George Washington Carver ku Richmond konko. Carver anali katswiri wa zaulimi wa ku America, wodziwika pa nkhani ya mtedza ndi mbatata.

Zaka zomwezo ku Port Herald

Nsanje nthawi imeneyo inkatchedwa Port Herald, ndipo dziko linali Nyasaland. Nkhondo inafika kuno podzera mwa mafumu ndi olemba asilikali. Anyamata analowa Keyala, gulu la King's African Rifles. Anamenya nkhondo ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, kenako ku Burma mu 1944. Amuna ena anali atapita kale ku Wenela, ku Southern Rhodesia, kapena ku minda ya nzimbe ya m'mbali mwa Zambezi.

M'makomo ambiri munatsala amayi, ana ndi nkhalamba. Koma munda sunachepe chifukwa bambo wachoka.

Madzi analanda madimba

Nkhondoyi inapeza chigwa chili kale pamavuto. Kwa zaka zambiri mtsinje wa Shire unali wochepa madzi, ndipo Amang'anja ndi Asena ankalima m'madimba a nthaka yachonde. Thonje linkachita bwino kumeneko. Bungwe la ku Britain lotchedwa British Cotton Growing Association ndi limene linkagula, ndipo ndalama ya thonje ndi imene inkalipira msonkho.

Kenako nyanja ya Malawi inadzaza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Shire anasefukira n'kumiza madimba ambiri, makamaka m'dambo la Ndindi ndi la Dabanyi. Madziwo sanaphwe chaka chotsatira ayi, anakhazikika. Mabanja anasamukira ku mphala, kumtunda kumene mvula ndi yosadalirika ndipo dzuwa limawotcha ngati ng'anjo.

Apa ndi pamene panali ntchito ya mayi wa ku chigwa. Ankaswa mphanje ndi khasu. Ankadzala mapira ndi mchewere, kupalira, kutuma ana kukaingitsa mbalame. Thonje likaphulika ankatola, kulisankha loyera padera lodetsedwa padera, n'kulisenza pamutu mpaka kumsika, kumene mtengo sankaunena ndi iye. Akabwerera, mtondo ndi munsi zinali kumudikira, madzi ali kumtsinje kumene ng'ona sizisowa. Chakudya chikatha m'nkhokwe, ankalowa m'dambo kukazula nyika, monga amachitirabe amayi a ku Nsanje chaka cha njala.

Thonjelo linkakwera sitima ya pamtunda. Njanji inkadutsa ku Chiromo ndi ku Port Herald, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, mpaka kudoko la Beira. Kuchokera pamenepo mabelo ankayenda panyanja. Choncho mayi wa chowotcherera uja ndi mayi wa khasu anali kumbali ziwiri za ulendo umodzi, ngakhale sankadziwana.

Nkhondo itatha

Mu 1945 asilikali a ku America ndi ku Britain anayamba kubwerera kwawo. Maoda a sitima anatha, ndipo amayi ambiri anachotsedwa ntchito. Zithunzi zawo zinasungidwa bwino. Zambiri zili ku Library of Congress mu mzinda wa Washington, ndipo munthu angazione pa intaneti.

Kuno zithunzi zodziwika za nkhondoyo ndi za asilikali a Keyala ali pamzere, atavala makabudula. Kamera inali m'manja mwa a boma, amishoni ndi azungu a m'makampani, ndipo mayi wotola thonje sanali nkhani yaikulu kwa iwo. Zithunzi zakale za dziko lino zimasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku Society of Malawi, mu nyumba ya Mandala ku Blantyre.

Mbiri ya ntchito ya ku chigwa inasungidwa kwambiri pakamwa. Katswiri wa mbiri yakale, Elias Mandala, anayenda m'midzi ya m'chigwachi kufunsa agogo za thonje, za madimba ndi za madzi aja. Zimene anamuuza zinalowa m'buku lake la mbiri ya chigwachi, limene linatuluka mu 1990.